Masamba a Pamsewu ku Midzi ya Ajeremani

Pali ulendo umodzi umene mkazi wanga amati ndisamautchule pagulu. Lero ali kuntchito, ndiye tamverani.

Makolo ake anabwera ku Manchester kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu wawo, mwana wathu Chisomo. Apongozi aamunawo sankandiwerengera kwenikweni. Kwa iwo ndinali mkamwini wosambitsa nkhalamba za azungu basi. Zinkandiwawa. Ndiye ndinati ndiwaonetse kuti dziko lino ndimalidziwa ngati kumunda kwathu. Ndinabwereka galimoto, ulendo wa kumapiri a ku Keswick, kumidzi komwe kalekale kunabwera Ajeremani kudzakumba mkuwa. (Zimenezi ndinamva kwa agogo ena amene ndimawasamalira. Zotsalazo ndinkapeka ndekha.)

Njira yonse ndinalankhula ngati wailesi. Nyumba yamiyala, "Anamanga Ajeremani." Nkhosa, "Mtundu wachijeremani umenewo." Bambo ankagwedeza mutu, ndipo ndinaona ulemu ukubwera pang'onopang'ono.

Tikulowa kamudzi kena, tinapeza nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu.

"Bambo a Chisomo, zimitsani nyimbo," anatero bambo uku akuvula chipewa. "Kani nawonso Ajeremani amaika masamba pakagwa zovuta?"

Munthu wanzeru akanati sakudziwa. Ine ndinati, "Kwambiri! Mwambowu ife tinatengera kwa iwowa."

"Ndiye sitingadutse ngati agalu. Imani."

Chapatsogolo panali nyumba, magalimoto ali mbwee, azibambo atavala masuti. Apongozi aakazi anamanga chitenje, n'kutsogola. Atafika pageti anauyamba: "Mayo ine! Mayooo!" (Mayi aja amalira bwino, kumudzi amachita kuwadikira.) Ine pambuyo, manja kumsana, nkhope yachisoni.

Mzimayi wina anatuluka akuthamanga, tambula ya vinyo ili m'manja. "Is someone hurt?"

"We are very sorry for your loss," ndinatero molimba mtima.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza mkati. Pampando panali nkhalamba ina, kachipewa kapepala kumutu, keke patsogolo. Linali tsiku lake lobadwa. Masamba aja? Mdzukulu wake anadulira mitengo ya kumpanda kuti alendo apeze poimika magalimoto.

Nditafotokoza, nkhalamba ija inaseka mpaka misozi. Inagwira mayi dzanja n'kunena kuti ana ake sadzafikapo pa kaliridwe kameneko. Tinadya keke ya malemu, malemuwo akutigawira okha. Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Kenaka tinauyamba ulendo wobwerera. Tikuyandikira kunyumba, bambo anatsokomola.

"Bambo a Chisomo, ndikadzadwala, uthenga usadzadzere kwa inu. Mungadzandikumbitsire manda ndikumwa tiyi."

Ulemu uja unathera pomwepo. Mawu oti "sindikudziwa" ndi aafupi, ndikuvomera, koma mpaka pano amandikakamira pakhosi. Dzulo lomweli ndawauza apongoziwo pafoni kuti ku Scotland ndimakudziwa mudzi ndi mudzi.