Ndinadzitama kwa mwini nyimbo

Pakamwa pangapa panandipachika ku Doha, moti mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Ndinkagwira ntchito ya ulonda limodzi ndi a Gondwe, bambo ofatsa amene tinkagona chipinda chimodzi. Ndi iwo anandilandira nditangofika, ndipo ndinkawatenga ngati bambo anga. Sabata ina kampani inatitumiza ku holo ina ku Al Dafna, kumene kunabwera oimba opera a ku Italy, aja amakuwa ngati aponda moto. Ntchito yathu inali kuletsa anthu kujambula ndi mafoni.

Mayi wotsogolera gululo anatifotokozera chifukwa chake. Akuti kwawoko m'zaka za m'ma 1800, akuba ankakhala phee pakati pa oonerera n'kumakopera nyimbo papepala. Posakhalitsa nyimbo ija ikuimbidwa tauni ina, woipeka osadyapo kanthu.

Pa break ya masana ndinayamba matama (ine ndikakhuta mpunga wa biriyani sindigwirika).

"Amenewo anali ana, a Gondwe. Ine ku Mchesi ndinali ndi kompyuta yobenera nyimbo. Chimbale chikatuluka m'mawa, masana chili m'mafoni a tauni yonse."

"Eti?" anatero.

M'malo moyang'ana nkhope yawo, ndinatulutsa foni n'kuyatsa nyimbo ina. "Iyi ndiye inkayenda malonda. Anaimba ndani sindidziwa n'komwe."

A Gondwe anasiya kudya. Kenaka anayamba kuimba motsitsa, mawu ake omwewo a mufonimo, kungoti okalamba pang'ono.

"Ndinaipekera malemu mayi akunyumba ali m'chipatala," anatero. "Ndinagulitsa ng'ombe kuti ndijambule. Makatoni a ma CD akungodyedwa ndi chiswe ku Mzimba. Mumayesa kuno ndinabwera kudzaona ngamila?"

Ndinagwada pomwepo ndi yunifolomu yanga, anzathu a ku Nepal akundiyang'ana, n'kupepesa mpaka mawu kutha. Mumtima ndinati basi, bambo aja ndataya.



A Gondwe anati, "Khalas, zatha, dzukani. Koma mundiuze zoona. Anthu ankaikonda?"

"Kwambiri. Amayi ena ankalira pabenchi panga pomwepo."

Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ndiye munditumizire pa Bluetooth. Chibwerereni kuno sindinaimvepo."

Ndinawatumizira, wakuba kugawira mwini munda. Sindinama, nyimbo za eni ake zidakalimo mufonimu, koma masiku ano ndimayamba ndafunsa kuti anaimba ndani.