Chaka Chimene Mudzi Unasiya Soseji

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga poti eni ake akadali moyo ngakhale movutikira, munali Bambo Likongwe Dzoole, Wapampando Wamkulu wa Komiti ya Chitukuko, Ukhondo ndi Zina Zonse Zogwa Mwadzidzidzi. Anali munthu wathupi lake. Akati akwere kabaza, wopalasa ankayamba wapemphera.

Chakumapeto kwa Disembala a Wapampando anapita kutauni kumsonkhano wamasiku asanu, kumene anakambirana mozama za njala uku akudya kanayi patsiku. Tsiku lomaliza anamva chizungulire. Dokotala atawayeza anapukusa mutu.

"Bambo, shuga wakwera, magazinso akuthamanga. Chaka chikubwerachi musiye zonona ndi zotsekemera, apo ayi Khirisimasi ina simudzaiona."

Anabwerera kumudzi ali khuma. Koma m'njira anakumbukira kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mtsogoleri weniweni savutika yekha. Tsiku loyamba la Januwale anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu.

"Chaka chino," anatero atakweza chala, "mudzi wathu wasiya soseji, keke, nyama yonona ndi zakumwa za m'botolo. Wotsutsa aimike dzanja."

Palibe anaimika. Nkhokwe zinali zitauma kuyambira Okutobala, ndipo kuimika dzanja kumafuna mphamvu. Mayi Nasuluma okha, amasiye a ana anayi, ndiwo anafunsa ali chikhalire.

"Pepani a Wapampando, sosejiyo ndi ndiwo kapena ndi matenda?"

"Ndi chakudya choopsa, mayi."

"Chabwino, tasiya. Komatu mukanatilawitsako kaye, kuti tidziwe chomwe tasiyacho."

Kutauni malonjezo otere amafa sabata yachiwiri, koma m'mudzi uno palibe anaphwanya lamulo. Palibe anagwidwa ndi keke. Anthu ankadya mango osapsa owiritsa, phala la gaga ndi nkhwani wopanda mchere. Lachisanu lililonse ankafola pasikelo yoyezera fodya, a Wapampando n'kumawomba m'manja muvi ukatsika.

A Wapampando eni akewo lonjezo ankalisunga kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu. Lachinayi ankapita kutauni kukafotokoza za kupambana kwa mudzi wawo, ndipo kumisonkhano yotere kukana mbale ndi mwano.

Tsiku lina m'mawa Mayi Nasuluma anafika pakhonde pawo n'kugwada.

"Bambo, mwana wanga wotsiriza wasiya sukulu, miyendo ikumunjenjemera. Lembani kalata kwa akuluakulu atithandize chimanga."

"Ndalemba kale, mayi," anayankha akupukuta milomo. "Kodi ine ndimagona?"

Sananame. Kalata analembadi, yamasamba asanu ndi awiri, ndipo mutu wake unali wakuti: "Mudzi wonse, mwa kufuna kwawo, wachepetsa kudya, ndipo zotsatira zake zikuoneka m'nthiti."

Pakati pa Febuluwale kunamveka kulira kwa lole. Inali ya bungwe lina lothandiza anthu panthawi ya njala, itadzaza matumba a chimanga, nandolo ndi zigubu za mafuta. Amayi anayesa kululutira, mawu n'kuthera pakhosi. Mayi Nasuluma anathamangira kunyumba kukatenga lichero ndi thumba.

M'lolemo munatsika Mayi Tsitsi Kamwendo, Mlangizi Wamkulu Woona za Kagawidwe Koyenera, kalata ija ili m'manja. Anayang'ana anthuwo, anayang'ana kalata, nagwedeza mutu mokhutira.

"Zoonadi, nthiti zikuoneka. Apa palembedwa kuti mwasiya kudya mwa kufuna kwanu. Munavomera?"

"Tinavomera za soseji," anatero Mayi Nasuluma.

"Ndiye kuti munavomera. Ife sitisokoneza chitukuko chimene anthu ayambitsa okha."

Anatulutsa satifiketi yokongola yolembedwa kuti "Mudzi Wachitsanzo" n'kuiika mosamala m'lichero la Mayi Nasuluma.

"Mayi, ana akufa," anatero Nasuluma. "Pepalali ndilithyolere mumphika?"

"Zimenezo mulembe kalata kudzera kwa a Wapampando."

Komabe panali vuto. Malamulo a bungwelo sankalola kuti lole ibwerere ndi katundu, choncho panafunika kupeza wovutika woti alandire. Mlangiziyo, pokhala munthu wachilungamo, analamula kuti aliyense akwere pasikelo. Mudzi wonse unapezeka utatsika, ena makilogalamu asanu, ena khumi. Atakwera a Wapampando, chingwe chinalira, ndipo muvi unaonetsa kuti awonjezera asanu ndi anayi.

Mlangizi anavula magalasi ndi kuyang'ana a Wapampando mwachisoni.

"Nonsenu mwaonetsa kuti mukhoza kukhala osadya. Bambo awa okha ndiwo zikuwakanika." Kenaka anatembenukira kwa dalaivala. "Katsitseni zonse pakhomo pawo."

"Nanga ife?" unafuula mudzi wonse.

"Pepani," anatero mlangizi akukwera lole. "Ife chakudya timapereka kwa anthu odya."