Chotupa cha Achemwali Chikupempha Matola

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woona za Umoyo wa Amayi,

Bwana, pa wailesi munanena momveka kuti lero m'dziko muno chotupa chilichonse chochotsedwa m'bere chimapimidwa msangamsanga, ndipo mayi akachira amasankha yekha: kuchepetsa bere lotsalalo kuti lilingane ndi linzake, kudzaza lodulidwalo, kapena kuvala loyikirira. Munati nthawi yoti mayi aziyenda chopendekera inatha. Kuno ku Golomoti tinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinathawira kumunda. Ndiloleni, ine wosayenera, ndithokoze.

Choyamba, zikomo m'malo mwa achemwali anga, a Agnes. Iwowa Mulungu anawapatsa chifuwa mosaumira, moti msana unkadandaula kuyambira kale. Madokotala anu pochotsa chotupa kumanzere anatengako ndi theka la bere. Katundu yense anatsalira kumanja. Tsopano akasenza ndowa madzi amatayikira mbali imodzi, ndipo udzu wa kumanja kwa njira ya kumjigo umabiriwira ngakhale mu Okutobala. Ulimi wamthirira umene boma limalalikira tauona ndi maso.

Chachiwiri, njira zosankha zilipodi, asakunyozeni. A Saidi, atelala a pa Mtakataka, anasoka kathumba m'kamisolo. Achemwali anayamba ndi thonje la m'munda mwathu, koma linkamwa thukuta. Anayesa mpunga, munalowa anankafumbwe. Kenaka anapeza chipatso cha mlambe chokwana bwino lomwe. Chinagwira ntchito mokhulupirika mpaka Lamulungu lina ku Mua, akuvina pokapereka mitulo, pamene chinapulumuka n'kugubuduka kukaima kutsogolo. Akatekisiti anachitola mwaulemu n'kuchiika m'dengu, ndipo chinadalitsidwa limodzi ndi nthochi ndi mazira.

Chachitatu ndiye chimene chatikweza pamudzi. Tsiku lotuluka m'chipatala anatipatsa chotupacho m'botolo, kuti tikachipereke tokha kumzinda akachipime ngati ndi khansa. Dokotala anati bere lakumanja sangalikhudze asanaone zotsatira. Ulendo woyamba tinapeza makina atafa. Titabwereranso makina anali atadzuka, koma mankhwala ake atatha. Ulendo wina zonse zinalipo, kupatula wopimayo, amene anali ku semina yophunzira kupima mwachangu. Tinasangalala kumva kuti akuphunzira.

Pano chotupachi chatchuka pamsewu wonse. Makondakitala amafunsa ngati abwana a m'botolo adzuka bwino, ndipo amawasungira mpando wa pawindo. Pa rodibuloko ina wapolisi wina anatsegula botololo n'kununkhiza, poyesa kachasu. Masiku ano akationa amangokweza dzanja kuti tidutse. Chotupa chaona nyumba zosanjikizana ndi magetsi a pamsewu, zinthu zimene amayi athu otibala sanazionepo.

Achemwali amaseka nafe zonsezi. Lamba wa kamisolo wawacheka paphewa mpaka chilonda, khasu analisiya, ndipo sabata yatha posamba anakhudza kanthu kolimba m'khwapa. Ati mwina ndi mng'ono wake wa uja wa m'botolo, nayenso akufuna akaone tauni.

Tsono Bwana, pempho langa ndi laling'ono. Tamva kuti mudzadutsa pano popita kunyanja, ku msonkhano wokondwerera kuti ntchitoyi yayenda bwino. Chonde botololi mudzalipatse matola. Silisuta, silisanza m'galimoto, silifunsa alawansi. Kumsonkhanoko mukhoza kulikhazika patebulo la alendo olemekezeka, pambali pa madzi anu akumwa, bola musadzasokoneze. Pobwerera mudzalisiye kwa wopima uja, poti tikukhulupirira kuti adzakhala nanu komweko.

Mudzatipeza pa siteji. Simudzavutika kufunsa: wopendekera kumanjayo ndiye achemwali.

Ine wogwada mpaka mawondo kutuwa,
Elizabeti, mng'ono wa a Agnes,
Golomoti.

Ndinaiwala: chotupacho anachichotsa chaka cha dzana. Chili pawindo la kuchipinda, sichinapimidwe.