Tambala wa a Tcheyamani

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma poti ena amaikamba mothira mchere, bola ndiikambe ndekha.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinkagwira ntchito ya magetsi ku esiteti ya nzimbe ku Chikwawa. Mzungu wina wa ku wekishopu, pochoka, anandisiyira botolo la madzi obiriwira a nikelo, atandionetsa kakutidwe ka zitsulo ndi batire la galimoto kuti ziziwala. Ndinkaviika mabelu a njinga za anzanga, mpaka ndinayamba kuyenda modzimva.

Tsiku lina a Alufandika, tcheyamani wa chipani kwathu, anandibweretsera katambala kachitsulo ka pamutu pa ndodo yawo, kadzimbiri kokhakokha. Anati ndikakonze kuti kadzaoneke bwino pa msonkhano wa Lamlungu.

Nditaviika koyamba, nikelo anasupuka ngati khungu la njoka, chifukwa ndinakagwira ndi zala zamafuta. Ndinakatsuka ndi sopo. Kachiwiri kanatuluka ndi timaenje ngati kadwala nthomba, thovu litakakamira, ndiye ndinatakasa madziwo. Kachitatu moto unachuluka, kanapserera n'kuda bii. Mkazi wanga, amake Rozina, anati ndikasiye choncho. Ndinawauza kuti za sayansi atisiyire eniake, n'kulumikiza babu pa waya kuti moto uchepe.

Kanatuluka mbee, kowala ngati kalilole.

Loweruka a Tcheyamani anafika ndi anyamata awiri a yufi. Anakatembenuza kangapo, kenako anandifunsa:

"Bambo Jofilisi, tambala wa chipani chathu ndi wakuda. Nanga woyerayu ndi wa chipani chiti?"

Funso lotere munthu ankakayankhira kundende. Ndinati imeneyi ndi andakoti chabe, utoto wapansi, adzatenge mawa m'mawa.

Atangochoka ndinachotsa babu ija, n'kuwonjezera batire lachiwiri kuti kapserere. Kanangoda mlomo ndi nsonga ya mchira basi. Thukuta lili kamukamu, ndinatenga polishi wakuda wa nsapato, n'kukapaka mothithikiza. M'mawa a Tcheyamani anakaona n'kungoyamikira m'Chisena kuti, "Pyadidi!"

Munali mu Okutobala, ndipo dzuwa la kuchigwa mukulidziwa. A Tcheyamani ankalankhula atafumbata mutu wa ndodo, uku akupukuta thukuta ndi dzanja lomwelo. Pomwe amayi ovina ankayamba nyimbo, mphumi, masaya ndi kolala ya malaya awo oyera zinali ngati za wowotcha makala. Nyimbo inasokonekera, amayi ena atabisa nkhope m'zitenje. Tambala uja anali waliwali pamaso pa anthu onse.

A Tcheyamani anayang'ana chikhatho chawo, kenako anandikodola ndi chala.

"Bambo Jofilisi, ichi n'chiyani?"

"Bwana, dzuwa la kunoli ngakhale tambala amachita thukuta."

Ndende ndinapulumuka, poti mmodzi wa akuluakulu ochokera ku boma anaseka mpaka kutsamwa. Koma chaka chonsecho nsapato za a Tcheyamani ndinkapukuta ndine. Anati luso langa lenileni aliona.

Usanawalitse cha mwini, yamba wafunsa mtundu wake.