Mavalavu a Achimwene pa Chinkhoswe Changa

Lolemba
Chinkhoswe changa ndi Loweruka. Za nyimbo akuti aona achimwene a Gerevazio. Ali ndi kabokosi kakale kamene adabwera nako kuchokera ku Joni, kolumikiza foni ndi masipika. Kamalira bwinobwino. Koma lero akatsegula. M'katimo muli timababu tagalasi, iwo akuti mavalavu. Akuti awazula, aikamo ena amene amasunga m'sokosi, kuti "mawu afewe ngati batala." Batalayo adamudyera kuti?

Lachiwiri
Patebulo langa lositira pali izi: mavalavu akale, mavalavu atsopano (akalenso!), sikuludiraiva, zigongono za mnzawo a Dominiko. Aika limodzi, atsinzina, amvetsera. Azula, aika lina, atsinzinanso.
"Mwamva kusiyana?" akufunsa a Dominiko.
"Kwambiri," akutero achimwene. "Ili lili ndi thupi."
Ine ndaima pakhomo ndi zovala zosasita. Nyimbo ndi yomweyo, mawu ndi omwewo.

Lachitatu
Apita ku Mayani kukafuna waya. Mavalavu awasiya mbwee, fumbi ndi zala zamafuta zokhazokha. Akuchimuna adzaone zimenezi? Ndikutsuka limodzilimodzi: sopo, madzi ofunda, kansalu kofewa. Timiyendo take sindikunyowetsa. Timalemba toyera tapagalasi tikuchoka limodzi ndi litsiro. Akuwala ngati matambula a kwa bambo mfumu!

Lachinayi
Achimwene manja ali kunkhongo. Akuti timalemba tija ndiwo mayina ake, tsopano sakudziwa lolowa pati, labwino ndi liti, lakufa ndi liti. "Wapukuta ndani?" Amayi akuti, "Ukanayamba wathokoza." Ine ndikusankha nyemba, sindikudzutsa mutu. Munthu womva thupi la valavu ndi makutu, malemba akufuniranji?

Lachisanu
Akuyesa ndi makutuwo. Zimene zatuluka:
kung'ung'uza ngati njuchi,
kuthetheka,
fungo la waya wopserera,
zii.
A Dominiko apsa chala, akuti ali ndi maliro ku Lobi. Zitenje zafika, nkhuni zawazidwa, bwalo ndasesa. Achimwene akuti, "Mawa kabokosika kadzakhala katazolowera."

Loweruka
Akuchimuna afika, azakhali awo patsogolo. Ine pampando, nkhope pansi. Ankhoswe ayamba kusinthana tambala ndi msoti, achimwene ayatsa. Sipika imodzi ikung'ung'uza, inayo yakuwa ngati mbuzi yokodwa pachingwe. Tambala wadzidzimuka, wapulumuka m'manja, ulendo wa m'munda wa mbatatesi! Ankhoswe a mbali zonse ali pambuyo pake, masuti ali pathupi. Azakhali aja akufunsa mokweza, "Kodi kuno ng'oma kulibe?" Foni tayiika m'ndowa kuti mawu akule. Anthu avina ndowa.

Lamulungu
Chinkhoswe chatheka, tambala sanapezeke. Kutchalitchi atsikana a kwaya akumang'ung'uza ndikamadutsa. Azakhali aja andipatsa moni ndi nsonga za zala. Achimwene akuti vuto ndi chinyezi cha ku Dedza kuno. Aitanitsa kale mavalavu ena ku Joni, ndipo akuti za nyimbo za paukwati ndisade nazo nkhawa, aonanso okha.
Ndagwada. Ndati zikomo, achimwene.