Kadaka ka M'foni ndi Mbuzi Yapambali

Anzanga, inu amene mumandifunsa chifukwa chake masiku ano ndimagula mbuzi modula ngati mlendo wa ku Lusaka, khalani pansi ndikuuzeni nkhaniyi ndekha, chifukwa mukakaimva kwa amayi a padoko adzakuthirirani mchere wambiri.

Ine ndine Daka, wogula mbuzi. Ndimazungulira midzi ya kwa Mburuma kusonkhanitsa mbuzi, lole ikabwera n'kukweza. Sukulu ndinalekera pamene aphunzitsi anayamba kufunsa za nsapato, Chingerezi changa ndinachitola pa matumba a feteleza, koma pali phunziro limodzi limene ndinalidziwa kuposa aliyense m'Luangwa muno: chinthu ukachifuna, uchinyoze. Mbuzi imene yakugwira mtima usaiyang'ane kawiri. Uzinena kuti ili ndi chifuwa, miyendo yake ndi ya udzudzu, uku ukusisita ina yapambali imene suifuna n'komwe, mpaka mwini wake ayambe yekha kukunyengerera. Lamulo limeneli linandimangira nyumba ya malata, ndiye ndikanalikayikira bwanji?

Tsono pali Luzia, amene anthu amamutcha Amake Rosa. Ndi mayi wamasiye, makolo ake anawoloka kuchokera ku Zumbo, tsidya lija la mtsinje, ndipo ali ndi kantemba pafupi ndi doko pamene amatchaja mafoni pa sola ndi kugulitsa zipatso za masau. Amaimba kwaya, akaseka a m'mabwato amatembenuka, ndipo pakati pa mano ake akutsogolo pali kampata kamene kanandilowetsa m'mavuto onsewa. Ine mkazi wanga anatisiya kalekale. Zaka ziwiri zathunthu ndinkafuna kumufunsira Luzia, ndipo mukudziwa zimene ndinkanena ndikafika pa kantemba pake? “Masau anu ndi owawasa, Amake Rosa.” Basi. Ndinkati ndikutsitsa mtengo.

Vuto linali foni yanga ya mabatani. Batire lake linkatha sabata yonse, ndiye chifukwa chopitira kwa Luzia chinkapezeka kamodzi pa sabata ngati Misa. Mwamwayi mwana wanga Esinati, amene ali pantchito ku Lusaka, ananditumizira foni yake yakale yopalasa ndi chala, nati, “Atate, mulimo gemu, muzichezerapo podikira malole.” Nditaiyesa ndinapeza kuti gemuyo imadya batire ngati mbuzi yolowa m'dimba. Ndinaomba m'manja ndekhandekha. Ndikaisewera m'mawa, masana ndili kwa Luzia. Ndikaisewera masana, madzulo ndili kwa Luzia. Sola ndili nayo kunyumba, inde, koma ndinkayesa kuti ndi chinsinsi changa ndi denga langa.

Gemuyo ilibe mfuti, ilibe mpira. Umaumba kamunthu, n'kukapatsa nyumba, kenako kamayamba kukhala moyo wake kokha: kudya, kugona, kukangana ndi anzake m'chinenero chomveka ngati nkhanga zili pa msonkhano. Ndinadziumba ndekha. Mimba ndinaichepetsako, tsitsi limene linathawa pakati pa mutu ndinalibwezera, dzina n'kulemba langa lenileni. Kadaka kanatuluka kooneka bwino moti ndinakachitira nsanje.

Kenako panabwera tsamba la zokonda ndi zodana nazo. Tizithunzi ndandanda, nsomba, nyimbo, ana, mphete ya ukwati ndi zina, ndipo pansi pa chilichonse pali kamtima ndi kachala koloza pansi. Munthu wabwinobwino akanangoyankha. Koma ine ndinali nditaona kale kuti m'gemumo muli sitolo. Kodi ndani amakufunsa mwaulemu chimene umakonda, ngati si amene akufuna akugulitse chomwecho pa mtengo wa ng'ombe? Ndinati iwe foni, wandichepetsa. Nsomba, chala pansi. Nyimbo, chala pansi. Ana, pansi. Mphete, pansi. Timitima ndinatimwaza pa zinthu zopanda ntchito: amphaka, kuthamanga m'mawa popanda njovu yokuthamangitsa, ndi kutsetsereka pa madzi oundana, ine wa padoko pano pa Feira pamene ngakhale buluzi amafuna mthunzi.

Kamunthu kokha m'nyumba kamamvetsa chisoni, ndiye ndinaumba Luzia. Apa ndiye sindinaname. Ndinatha masiku atatu. Mphuno yokha inandidyera batire lonse. Duku labuluu, chitenje cha maluwa achikasu, kampata ka mano kaja ndinakafunafuna mpaka ndinakapeza, khalidwe n'kumuikira lake lenileni: wansangala, wokonda kucheza, woimba, wophika. Gemu itafunsa kuti Kadaka kamakonda anthu otani, dzanja linagwira ntchito lokha. Ansangala, pansi. Ocheza, pansi. Oimba, pansi.

Pamalonda pamafunikanso mbuzi yapambali. Ndinaganiza za Joakina, wogulitsa vitumbuwa pafupi ndi kantemba ka Luzia, amene awiriwo amatchulana kuti komadre chifukwa anaimirirana ana pa ubatizo. Ameneyu ndinamuumba tiyi asanazizire m'kapu, n'kumuikira zonse zimene ndinanamizira kuti Kadaka kamakonda, amphaka ndi zonse. Sindinaganizeko n'komwe kuti Joakina ndi mkazi wa Ngulube, mwini bwato lowolotsa anthu ku Zumbo, munthu amene mkono wake umodzi ndi ntchafu yanga.

Kwa masiku angapo zinkayenda monga ndinkafunira. Kaluzia kakayandikira, Kadaka n'kutembenuka kuyang'ana khoma. Ine ndinkangogwedeza mutu, ndikuti mwana wanga uyu, waphunzira ntchito. Ndinkati mtengo ukatsika mokwanira ndidzatembenuza zala zonse zija.

Lachinayi lina m'mawa ndikusewera m'njira, batire litafiira kale, ndinangomva lole ya mbuzi ikuliza hutala pamsika. Lole kuno ikakusiya umadikira ina mpaka ndevu kumera. Ndinathamangira kwa Luzia, n'kuika foni pathebulo pake gemu ili chitsegukire, n'kunena za masau owawasa mothamanga, ine uyo ulendo wa kwa Mburuma.

Ndinabwerako dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'makutu, ndikununkha tonde. Ndili patali ndinaona gulu la anthu pa kantemba. Amayi a nsomba zouma asiya madengu awo, opalasa mabwato aima kumbuyo akusuzumira, ena akwera pa njerwa. Ndinayesa kuti wina wakomoka ndi kutentha. Nditayandikira ndinamva kulira kwa nkhanga kuja kukuchokera pakati pawo, ndipo miyendo yanga inayamba kukambirana zobwerera.

“Apatseni mpando,” anatero Joakina atandiona. “Amuna anga achiwiri afika.”

Gulu lonse linagwa nako kuseka, kupatula awiri. Luzia anali atagwira foni yanga m'manja. Ngulube anali atatsamira nkhafi yake.

“Mudala Daka,” anatero Ngulube mofatsa, kufatsa kwa mvuu, “ndamva kuti masana ano munali m'khitchini mwanga.”

Joakina ndiye anandifotokozera zonse, monyadira ngati wopambana mpikisano. Foni itangolandira moto, tianthu tinadzuka. Kaluzia kanaphika nsomba n'kuperekera Kadaka. Kadaka kanatseka mphuno, pamwamba pa mutu wake n'kutuluka chithunzi cha nkhope ya Luzia chodulidwa ndi mzere wofiira, chimene ngakhale wosadziwa Chingerezi amawerenga. Kaluzia kanayamba kuimba, Kadaka kanatseka makutu n'kuthawa. Kuthawira kuti? Kwa Kajoakina, maluwa ali m'manja. Kumeneko kanapsompsona mkazi wa mwini kawiri, kenako n'kukhala pampando kunyamula mphaka ngati pakhomo pake.

“Ndi tidole chabe,” ndinatero. “Timangochita zawo tokha, ine sindinatitume.”

“Tidole tili ndi mpata wa mano anga?” anafunsa Luzia. Sanakweze mawu. Anazula chingwe pa foni. “Ngati ndimakunyansani chotere, a Daka, mukanangonena, osachita kundijambula kuti doko lonse lione. Tengani foni yanu muzikatchaja kwanu. Sola muli nayo, tonse tidziwa.”

Anzanga, kutentha kwa ku Feira mumakudziwa, koma ine ndinamva kuzizira. Zaka ziwiri za masau owawasa zinali kupita ndi madzi a Zambezi ndikuona. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire foni, koma nkhafi ya Ngulube inatsekereza pakati.

“Dikirani, komadre. Kanthu aka sikangalowe m'nyumba mwanga kokha. Kali ndi pamene anakauzira. Fufuzani.”

Luzia amagwira mafoni tsiku lonse, amawadziwa kuposa eni ake. Anapalasa kawiri katatu, tsamba la zokonda lija n'kutseguka mbee. Anayamba kuwerenga mokweza, mawu ali olemera.

“Nsomba, chala pansi.” Anaima. “A Daka awa? Amene amayamwa mutu wa pende mpaka maso?”

“Amatolanso minga ya anzawo,” anatero mayi wina kumbuyo.

“Nyimbo, chala pansi. Munthu amene kutchalitchi amatiphimba a kwaya tonse ndi mawu ake a chule. Ana, chala pansi, chonsecho m'thumba la jekete simusowa maswiti.” Anatsika mpaka pa timitima. “Kuthamanga m'mawa. Ndi mimba iyi?”

Ndinaona ngodya ya pakamwa pake ikuyamba kugwedezeka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene ine ndimayang'anira mano a mbuzi.

“A Daka, chaka chimene anamwalira atate ake a Rosa ndinakugulitsani mbuzi. Yamawanga ija munati ili ndi chifuwa, siifika Khirisimasi, uku mukusisita kambuzi kotsimphina. Munapita ndi iti?”

“Yamawanga,” ndinayankha, mawu akutulukira m'mphuno.

Luzia anatembenukira kwa Joakina. “Komadre, pepani, musavine. Inu ndinu mbuzi yapambali.”

Phokoso limene linabuka apo ndikhulupirira linamveka mpaka tsidya. Ngulube anaseka mpaka nkhafi inagwa. Joakina yekha ndiye anapsa mtima, analanda foni n'kuionetsetsa bwino. “Zoonadi. Onani, mnzanga amupatsa ndi kampata ka mano komwe, ine andipatsa mphuno ya mbatata. Mudala wopanda ulemu iwe.”

Ndinayesa kuti zatha, ndizembe. Luzia anati ayi. “Foni yanena zake. Manje ndifuna ndimve pakamwa panu, pano pomwe, pamaso pa amene mwandichititsa nawo manyazi.”

Ndinavula chipewa. Ndinakonza pakhosi. Mumtima munali mawu abwino, ndikulumbira, koma lilime la zaka makumi atatu pamalonda lili ndi njira yake. Ndinangodzimva ndikunena kuti, “Kunena zoona, Amake Rosa, msinkhu ndiye wapitako ndithu, komanso kaphikidwe kanu sindinakamvepo mbiri kwenikweni…”

“Kumpadre,” Luzia anauza Ngulube, mwamuna wa komadre wake, osandiyang'ana, “mawa mukawoloka mukauze alongo anga ku Zumbo kuti wogula wapezeka, ndipo wadwala nako. Asatsitse. Pa mawu awiri amene wanenawa awonjezerepo mbuzi ziwiri.”

Ndinatseka pakamwa ndi chipewa lilime lisanandiwonongere khola lonse. Kenako ndinachotsa chipewacho pang'ono n'kunena, “Ndikufunani.” Liwulo linatuluka ngati dzino lozulidwa popanda jekeseni.

Ankhoswe anga atawoloka, anapeza alamu anga atakhala kale mwaufumu. Ine Daka, amene sindinagulepo ngakhale singano pa mtengo woyamba, ndinavomera lobola yonse mmene anainenera, n'kuombanso m'manja kuthokoza. Ngulube anatenga nkhuku ya thadzi pa mlandu wa m'khitchini, ati mwambo ndi mwambo ngakhale m'foni. Joakina sanandilankhule mpaka nditamukonzera mphuno. Foniyo tsopano imakhala ndi Luzia, mayi a kunyumba kwanga, ndipo Kadaka anakabwezera mimba, anakameta dazi, n'kukaikira kamtima pa kutsuka mbale.

Koma chilango chenicheni chili kwa Mburuma. Kumene malole amafika mwa apo ndi apo, nkhani yanga inafika tsiku lomwelo, wapansi. Sabata yatha ndinaima pa khola la mayi wina, n'kuloza tonde wonenepa, ndikuti uyu ali ndi chifuwa. Mayiyo anamwetulira mpaka m'makutu.

“Wakugwirani mtima ngati Luzia, eti? Ndiye mtengo wakwera.”

Ndinasintha msangamsanga, n'kuyamba kumuyamikira tondeyo. Iye amvekere, “Ooh, ndiye kuti simumufuna. Musiyeni.”

Choncho ndalumbira. Makina alionse akadzandifunsanso chimene ndimakonda, kaya ndi foni, kaya ndi sikelo, ndidzayankha zoona zokhazokha nditavula chipewa. Ndipo poti ndayamba kale kuulula, masau a Luzia aja ndi otsekemera, anali otsekemera kuyambira kale. Koma musakamuuze. Alongo ake akadali ndi malo m'khola.