Mkazi Mnzanga wa mu Kompyuta

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimafuna kubisa nkhope m'chitenje, koma poti kulokeshoni kwathu ku Mtapa konse anaimva kale, imvani nanunso.

Chinali chaka chija m'mashopu munatsala mashelefu okhaokha, aphunzitsi akuthawira ku Joni. Amuna anga a Fanuel, bambo a Chipo, nawonso mphunzitsi, anakana kutisiya. Anapeza kosi yaulere ya pa intaneti, yophunzira kukonza maphunziro a pa kompyuta. Amati akakhoza, ntchito idzawapeza pompano, banja osabalalika.

Ndiye magetsi akangoyaka, iwo liwiro ku internet café m'tauni. Ine tsiku lonse pamzere wa buledi, iwo kubwerako akuimba mluzu. Mluzu, chaka chimenecho!

Tsiku lina pochapa ndinapeza pepala m'thumba la jekete lawo. "Dear Fanuel, we missed you this week. Please come back. Warmly, Miss Grace."

Warmly! Thupi lonse linatentha. Ndinasecha chikwama chawo, ndinapezamo ena anayi. "Well done, Fanuel, I am proud of you." Ine ndinawaberekera ana atatu, koma proud ameneyo sindinamumvepo.

Sindinawafunse n'komwe. Ndinalunjika kwa ankhoswe athu a Phiri, amalume awo.

"Malume, banja latha. Apeza wina, wa Chizungu chambiri."

A Phiri anamanga tayi, n'kuvala chipewa. Makombi, maminibasi athu aja, analibe mafuta, ndiye tinaponda wapansi mpaka m'tauni. Café inali yodzaza, amuna anga ali pakona, akumwetulira kompyuta.

"Mutulutseni Grace wanuyo timuone!" ndinakuwa.

Mitu yonse inatembenuka.

"Nhai mai Chipo, chii futi? Kwagwanjinso?" anafunsa amuna anga.

Ndinamwaza makalata aja pa keyboard. A Phiri anatsokomola.

"Fanuel, ulula mwachangu. Mkaziyu ndi wa kuti? Wa kulokeshoni ya Mambo?"

Bambo a Chipo anayang'ana mapepala, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka misozi.

"Malume, khalani apa muone."

Amuna anga analemba mawu, n'kudina batani. Pa sikirini panatuluka kuti, "Miss Grace: Good afternoon, Mr Phiri."

A Phiri anavula chipewa. "Masikati, mayi."

"Malume, Grace ndi ine!" anatero amuna anga. "Homework yathu ndi kupanga kosi yoyeserera. Ndinapanga mphunzitsi wongopeka, n'kudzilembetsa ndekha ngati wophunzira wake, kuti ndione ngati makalata olimbikitsa akufika. Ndimaprinta kuti ndiziwakonza kunyumba magetsi akathima."

Café yonse inafa nalo phwete. Mayi wina pa kompyuta yoyandikana anachita kugwira m'mimba. "Maiwe, zvakaoma! Izi ndiye zavuta!"

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine ayi, nsanje inangokhota, n'kubweranso ndi mphamvu.

"Ohoo, ndiye kuti mawu okoma mumawadziwa? Zaka khumi ndi ziwiri ine osandilemberako ngakhale well done mmodzi, koma nokha mukudzisowa sabata iliyonse!"

A Phiri anaganiza kaye, monga nkhoswe yodziwa ntchito yake, kenako anapukusa mutu.

"Mai Chipo, mlanduwu wandikulira. Mkazi wachiwiriyu tikamuthamangitsa, mutsala opanda mwamuna."

Musanaitane ankhoswe, yambani mwafufuza ngati mkazi mnzanuyo alibe ndevu.